Mabolodi a m'Khola la Anapiye

Ine sindine wolankhula. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa zonse zimene ndikufuna kulemba pano zinachokera pa vuto limeneli. Kusukulu aphunzitsi akafunsa funso, yankho ndinkalilemba m'mphepete mwa kope n'kumuonetsa mnzanga woyandikana naye kuti akweze mkono ndi iyeyo. Kunyumba n'chimodzimodzi. Ababa anga, a Elifala, ndi mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zimene ndakhala nawo, zokamba zathu zinali "madzi osamba afunda" ndi "zikomo". Si ankhanza ayi. Kungoti nawonso si olankhula, ndiye osalankhula awiri m'nyumba imodzi amangopatsana njira pakhomo basi.

Mayeso a Folomu 4 ndinalemba chaka chatha pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu kuno ku Nachisaka. Ndinakhoza, koma osati kukhoza kopita nako patali. Ndiye ndili pakhomo. Chimene ndinabwera nacho kuchokera kusukulu, kupatula satifiketi, ndi kope limodzi la kalabu ya sayansi.

Mu kalabu imeneyo aphunzitsi athu, Madamu Bonifasi, anatiphunzitsa kupanga mabolodi ndi zinthu zotayidwa. Umang'amba makope akale ndi makatoni, n'kuwaviika m'madzi masiku atatu, kenako n'kuwasinja mumtondo mpaka akhale ngati phala. Umadula khonje tizidutswa totalika ngati chala, kuti bolodi lisamathyoke. Umaonjezera dothi la pachulu losefa bwino, laimu, ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira. Ukasakaniza umathira m'chikombole, n'kupanikiza, n'kuyanika. Likauma limapepuka, limasunga kutentha ngati bulangeti, ndipo ukaliyika pa lawi la kandulo limangoda, osayaka. Madamu ankati chimene chimakaniza moto ndi dothilo ndi laimuyo, mapepala ndi khonje n'zongopatsa thupi. Mawu amenewo ndinawalemba m'kope n'kuwadula mzere kunsi.

Kuseri kwa chigafa chathu, mmene timayanika fodya, kuli nyumba ya azakhali anga a Tabita, mlongo wawo wa ababa. Iwo amaweta nkhuku zoyera zogulitsa. Kuno kumapiri mwezi wa Juni si masewera. Mphepo imatsika kuchokera ku Ntchisi, chifunga chimakhala mpaka dzuwa litakwera, ndipo anapiye a tsiku limodzi akapanda kuwaothetsa moto amafa onse. Ndiye azakhali amayika mbaula ya makala pakati pa chipinda n'kuzunguliza makatoni kuti kutentha kusathawe. Chaka chatha khala limodzi linathethekera pa katoni. Anapiye makumi asanu anapsa, ndipo azakhali anapsa dzanja pozimitsa. Chipsera chake chilipo mpaka lero. Chipinda cha anapiyecho chinagundana ndi chimene amagona iwo ndi mdzukulu wawo wa zaka zitatu, Abigail. Denga ndi limodzi, la udzu.

Chaka chino azakhali atanena kuti aitanitsanso anapiye ena makumi asanu, sindinanene kanthu. Ndinangosonkhanitsa makope anga onse a Folomu 1 mpaka 4, n'kuwaviika m'chidebe kuseri kwa khitchini. Bolodi loyamba ndinalipanikiza ndi miyala. Linatuluka lopindika ngati chipapa.

Ndi mmene anandipezera ababa, ndikulitembenuza padzuwa.

"N'chiyani chimenechi?"

"Bolodi, ababa."

"La chiyani?"

"La anapiye a azakhali. Siliyaka."

Anali mawu ambiri kwa ine, moti ndinamva kutentha kumaso. Ababa analinyamula, n'kuligogoda ndi chala, n'kulowa nalo m'nyumba. Ndinawamva akukhwatcha machesi. Patapita kanthawi anatuluka, bolodi lili ndi bwalo lakuda pakati, fungo la kandulo lili m'manja.

"Miyala siingadinde chinthu," anatero. "Mawa titulutsa jeke."

Jeke ndi chitsulo chimene timadindira mabelo a fodya. Kwathu mwana sagwira jeke, ngakhale kuikhalira. Koma m'mawa mwake ababa anakhoma chikombole chatsopano cha matabwa, n'kuchilowetsa m'bokosi la mabelo, ndipo ine ndi iwo tinadinda mabolodi anayi owongoka ngati ogula kusitolo.

Ndinene za fodya wa chaka chino, chifukwa popanda iyeyo simungamvetse. Belo limodzi la ababa linabwezedwa ku okushoni. Ogula anati mtundu wake sunawasangalatse. Ababa analimasula kuti asankhenso, koma masamba anali atauma kwambiri, ambiri anangofumbutuka m'manja. Zinyenyeswa zake anaziunjika pakona ya chigafa. Sanadandaule kwa munthu. Ankangopita kukaima pafupi ndi muluwo, manja kumbuyo, ngati munthu amene wapita kukaona wodwala. Amayi anandiuza kuti ndisamawafunse.

Ndiye mabolodi atabwera, ababa anasintha. Anayamba kundifunsa mafunso, iwo kufunsa ine. "Tiko, madziwa akwana?" "Tiko, khonjeyu ndadula bwino?" Tsiku lina amayi akundiitana kuti ndikatunge madzi, ababa anayankha ndi iwo: "Asiyeni a injiniya, ali pa ntchito." Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaweramitsa mutu, koma mawu amenewo ndinayenda nawo tsiku lonse ngati switi imene sukufuna kuitafuna.

Khola lonse linkafunika mabolodi khumi ndi asanu ndi limodzi. Tinali ndi anayi. Mapepala a otsalawo ali m'madzi, kunabwera uthenga woti msuweni wanga wagonekedwa ku chipatala ku Ntchisi boma, ndipo ine ndi amayi tinapita kukadikirira. Tinakhalako masiku asanu ndi atatu.

Pobwera, ndisanafike n'komwe pakhomo, ndinawaona. Mabolodi khumi ndi awiri atatsamira m'mbali mwa chigafa, mumzere, ngati ana a sukulu pa asembule. Koma sanali otuwa ngati anga aja. Anali ofiirira.

Ababa anatuluka m'chigafa akupukuta manja. Sindinawaonepo akumwetulira chomwecho.

"Mwawaona, a injiniya? Nyamulani limodzi."

Ndinanyamula. Linali lopepuka kwambiri.

"Ndathiramo fodya uja," anatero. "Ndinamusinja ndi mitengo yake yomwe. Paja nkhuku ikamafungatira timayika masamba a fodya m'chisa kuti utitiri usabwere? Ndiye ndinati, bwanji fodyayo akhale m'khoma momwemo? Utitiri sudzayandikira, chiswe chomwe. Dothi ndachepetsa, limangolemetsa. Ndipo ndayesa kale."

Anandionetsa bolodi la kumapeto. Linali ndi bwalo lakuda la kandulo, chimodzimodzi langa lija.

Mzere uja wa m'kope unandibwerera m'mutu, woti chimene chimakaniza moto ndi dothi ndi laimu. Koma kandulo inali itavomereza, ndipo kusukulu mayeso athu anali omwewo, kandulo, kuwerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, basi. Ndinati mwina ndikungodziopsa.

"Zili bwino, ababa," ndinatero.

Lachisanu tinakawakhoma kwa azakhali, kuzungulira malo a mbaula, onse khumi ndi asanu ndi limodzi. Anapiye amayenera kufika Lachisanu linalo.

Loweruka masana ndinkasita malaya oyera a ababa a kutchalitchi. Simbi yathu ndi ya makala, ndipo poisanjika ndinatenga kachidutswa kotsala ka bolodi lofiirira, kamene ababa anadula pokhoma. Pokupiza simbi, kakhala kakang'ono kanagwera pa chidutswacho. Ndinakachotsa ndi kamtengo, panatsala kadontho kakuda, ndipo sindinaganizenso za izo. Ndinamaliza kusita, ndinapachika malaya, ndinapita kudimba kukathyola mpiru.

Nditabwerako ndinamva fungo pakhonde, ngati padutsa munthu wosuta chingambwe. Kwathu palibe wosuta. Ababa alima fodya zaka makumi atatu koma sanamuyikepo pakamwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, kenako ndinaona chidutswa chija pomwe ndinachisiya. Kunja chinkaoneka bwinobwino. Nditachigwira, chala changa chinalowa mkati. Munali phulusa lokhalokha, lofunda, ndipo chakumapeto kwake kamzere kofiira kanali kakuyendabe pang'onopang'ono. Panalibe lawi, ndipo utsi wake unali wochepa moti ukanati ndi fumbi.

Ndinathirapo madzi, n'kuchikwirira kudzala. Inde, ndinachikwirira. Chinthu choyamba chimene ndinachita nditadziwa chinali kubisa.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, azakhali anali atasonkhanitsa kale amayi anzawo pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Ine chaka chino ndigona tulo," ankatero, akukweza dzanja lawo la chipsera lija. "Khola langa anamanga ndi mainjiniya awiri, wina wa satifiketi, wina wa jeke. Moto ukangofika umapempha pepani n'kubwerera."

Anthu anaseka. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Chapatali pang'ono ababa ankalankhula ndi mkulu wa mpingo mnzawo, a Gideoni, amenenso amaweta nkhuku. Ndinamva a Gideoni akupempha kuti awapangireko mabolodi awo. Ndipo ndinamva ababa akunena motsitsa, mawu amene anandikhala pamtima ngati mwala:

"Fodya amene anamukana uja wapeza ntchito."

Ndikanayamba bwanji? Munthu amene kwa mwezi wathunthu ankangoima pafupi ndi mulu wa zinyenyeswa, lero akuseka pabwalo la tchalitchi, ndiye ine ndipite ndikamuuze kuti fodya wake wakanidwanso kachiwiri, tsopano ndi mwana wake? Komanso, ndisaname, ndinkadziganizira ndekha. Ndinkaopa kuti ndikanena, jeke ibwerera m'chigafa, "a injiniya" atha, tibwerera ku "madzi osamba afunda".

Lolemba ndinadziuza kuti mwina chidutswa chija chinali cholakwika chokha. Ndinatenga china chofiirira ndi china chotuwa cha mabolodi anga aja, n'kupita nazo kuseri kwa nkhokwe ndi makala awiri pa chigoba cha mphika. Ndinayika khala pa chilichonse, ndinawerenga mpaka makumi awiri, n'kuchotsa. Chotuwacho chinada n'kuzizira. Chofiiriracho chinada, chinaoneka ngati chazizira, koma nditachiyandikiza patsaya ndinamva kutentha kukupuma mkati. Ndinabwerezanso katatu. Katatu konse zinali zomwezo.

Masana ake ndinapita kwa azakhali, ndili ndi mawu okonzeka pakamwa. Ndinawapeza akumwaza utuchi pansi m'khola. Abigail anali mkati momwemo, atanjuta pakona, akulira ngati mwanapiye.

"Taona nkhuku yanga yoyamba," anatero azakhali. "Iyi yokha ndiye siinenepa, kudya imadya. Tiko, wabwera kudzayendera ntchito yako? Lowa, umve kufunda kwake. Ndayesa mbaula m'mawa uno, pang'ono pokha, chipinda chonse ngati mu Okutobala."

Ndinayang'ana mabolodi aja msanga.

"Mwayatsa moto, azakhali?"

"Pang'ono chabe. Bwanji, pali msonkho?"

Ndinazungulira khola lonse ndikugwira bolodi lililonse ndi chikhatho, kumtunda ndi kumunsi. Onse anali ozizira. Azakhali ankandiyang'ana akuseka.

"Mwana uyu amakonda mabolodi ake ngati ng'ombe. Ukadzakwatiwa udzanyamule, akakhale mphatso kwa apongozi."

Ndinaseka nawo. Ndinayang'ana udzu wa denga, womwe unali pafupi moti ndikanaukhudza nditaima pa mpando. Ndinayang'ana khoma limene kuseri kwake kuli mphasa ya Abigail. Ndinatsanzika. Mawu aja ndinabwerera nawo kunyumba.

Lachiwiri ndinalemba kalata. Ndinang'amba pepala kumapeto kwa kope la sayansi n'kulemba kuti, "Ababa, mabolodi a fodya aja amanyeka mkati." Ndinaipinda kanayi. Ndinaganiza zoika m'thumba la jekete lawo, kapena m'Baibulo pamene pali kachingwe. Ndinazungulira nayo tsiku lonse m'chitenje. Madzulo ndinaiyang'ananso, ndipo ndinaona kuti ndi zomwe zija za kusukulu, yankho m'mphepete mwa kope, kudikira kuti wina akweze mkono. Koma kuno kunalibe woyandikana naye. Amene ankadziwa ndinali ndekha, ndipo kunatsala masiku atatu kuti mbaula iyambe kuyaka usana ndi usiku pakati pa mabolodi amenewo.

Lachitatu m'mawa chifunga chisanachoke, ababa anali pakhomo pa chigafa akudula khonje wa mabolodi a a Gideoni. Mapepala ake anali ataviikidwa kale m'mgolo kuyambira Lamulungu. Ndinatenga zidutswa ziwiri ndi makala pa chigoba chija. Ndinagwada chapatali pang'ono monga timachitira.

"Ababa, ndimati muone kanthu."

Anasiya mpeni. Ndinayala zidutswazo pansi patsogolo pawo, chotuwa ndi chofiirira. Ndinayika khala pa chilichonse, ndinawerenga chamumtima, n'kuchotsa. Panatsala madontho awiri akuda, ofanana.

"Si tinayesa kale zimenezi?" anatero.

"Tidikire, ababa."

"Tidikire chiyani?"

"Tingodikira."

Anandiyang'ana, kenako n'kubwezera maso pa zidutswazo. Apa ndiye ubwino wa munthu wosalankhula, amatha kudikira. Tambala analira kwa azakhali. Munthu wina anadutsa pa msewu ndi njinga yolira tcheni. Chifunga chinayamba kung'ambika, phiri n'kuonekera pang'ono. Ine maso anali pansi, ndikupempha chinthu chachilendo, kuti chidutswacho chinyeke, chisandichititse manyazi lero lokha n'kuzima.

Ababa anayamba ndi kununkhiza. Ndinaona mphuno yawo ikugwedera, mutu n'kutembenuka pang'ono ngati munthu amene wamva dzina lake pa msika. Anatola chotuwa, anachiyika patsaya, anachibweza pansi. Anatola chofiirira, anachiyika patsaya, n'kuchichotsa msanga. Anachithyola pakati. Mkati munali kamzere kofiira kaja, kakudya pang'onopang'ono, kumbuyo kwake kukutsala phulusa.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkadikira kuti nkhope yawo igwe ngati tsiku limene belo linabwerera.

"Phulusa loyera," anatero pomaliza, ngati akulankhula okha.

Sindinamvetse. Anakhudza phulusalo ndi chala n'kundionetsa.

"Ukudziwa mmene timadziwira fodya wabwino? Si mtundu wokha ayi. Umatenga tsamba louma, umaligunditsa pa khala, n'kuchotsa. Fodya wachabechabe amazima pompo, kapena amasiya phulusa lakuda. Wabwino sayaka lawi, komanso sazima. Amausunga moto, amayenda nawo mpaka tsamba lithe, n'kusiya phulusa loyera ngati ili." Anapukusa mutu. "Zaka makumi atatu ndikulimira chinthu chimenechi kuti chizisunga moto. Ndiye ine ndemwe n'kuchitenga kukachiyika m'khoma loti likane moto."

Kenako anaseka, kuseka kwakufupi, kotulukira m'mphuno.

"Koma akanaona izi ogula aja. Tayang'ana mmene akuyendera. Fodya ameneyu analibe mlandu."

Ndinamva misozi ikubwera, ya mpumulo. Ndinaganiza kuti zatha. Koma ababa anazimitsa chidutswacho ndi chidendene cha nsapato, n'kundiyang'ana m'maso, zimene sachita kawirikawiri.

"Unadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo. Palibe akanatsutsa.

"Loweruka, ababa."

"Loweruka."

Anawerenga ndi zala, osati mokweza, milomo yokha. Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri, lero.

"Bolodi limauma masiku angati nyengo ino?"

"Asanu ndi limodzi. Dzuwa likakhala bwino."

"Ndiye ukananena Loweruka, tikanaviika mapepala tsiku lomwelo, tikanathamanga nawo, mwina ena akanauma anapiye asanafike." Anapukuta phulusa pa chala. "Ndipo Lamulungu ndinaima pa tchalitchi paja ndikudzitama, iwe uli pomwepo ukudziwa."

Sanakweze mawu. Akanakweza bwenzi zili bwino.

"Ndinkaopa kuti mukhumudwa," ndinatero, mawu akutuluka theka.

"Ndakhumudwa kumene. Nanga ndafa?" Anaimirira n'kukutumula thalauza. "Kukhumudwa kwa ine n'kwa tsiku limodzi, Tikondwe. M'nyumba muja mumagona mwana. Katenge hamala."

Kwa azakhali ababa analankhula okha. Sananditchule n'komwe. Anati, "Achemwali, ndalakwitsa ndine. Mabolodi ofiirirawa achoke." Anawaonetsa chidutswa chothyoka chija n'kufotokoza.

Azakhali anayamba agwira pakamwa. Anayang'ana denga, anayang'ana Abigail, ndipo kwa kanthawi sanali azakhali oseka aja. Anamunyamula mwanayo n'kumubereka kumbuyo, ngakhale kuti ndi wamkulu kale woyenda yekha. Atamanga chitenje bwinobwino m'pamene mawu anawabwerera.

"Achimwene, inu mkulu wa mpingo, mumafuna nkhuku zanga ziphunzire kusuta? Anthu akanati bwanji? Nkhuku za a Tabita zikutsokomola m'bandakucha ngati madoda a pa bawo!"

"Zikanagulidwa msanga," anatero ababa akuzula msomali. "Zofukiza kale."

"Tamverani! Munthu akufuna kunditenthera nyumba, akuchitanso nthabwala. Tiko, iwe unali kuti pamene bambo akowa amathira fodya m'phala?"

"Ku boma, azakhali."

"Basi usamachokenso. Ukachoka tidzapeza athiramo tsabola."

Tinazula onse khumi ndi awiri. Anatsala anayi anga aja, ndipo tinawakhoma mwa bokosi laling'ono kuzungulira malo a mbaula. Tsiku lomwelo tinasinja mapepala amene anali a mabolodi a a Gideoni. Ababa anapita okha ku chulu ndi wilibala, maulendo atatu, ndipo pothira dothi ankandiitana kuti ndione muyezo ndi maso anga. Tinadinda mpaka manja anatupa. Madzulo ababa anakwera njinga kupita kwa a Gideoni kukawauza kuti adikire, ndi chifukwa chake. Zimene anakambirana kumeneko sanandiuze.

Anapiye anafika Lachisanu, makumi asanu, m'katoni ya mabowo. Mabolodi atsopano anali akadali onyowa, atatsamira pa chigafa. Bokosi la mabolodi anayi linali lofunda, koma linali lothina. Mbaula ikatenga malo ake pakati, anapiye ankatsala ndi kampata kochepa, ndipo akachita mantha ankaunjikana pakona, ena pamwamba pa anzawo. Azakhali ankawabalalitsa ndi dzanja kangapo pa tsiku. Ngakhale zinali choncho, pofika Lachiwiri, tsiku limene tinakulitsa khola ndi mabolodi ouma, anayi anali atafa ndi kupanikizana.

Azakhali anati anayi pa makumi asanu si kanthu, chaka chatha anataya onse. Ndinakawakwirira ndine, kudzala komwe kuja ndinabisa chidutswa choyamba. Anali opepuka ngati thonje. Sindikudziwa ngati akanakhala moyo ndikanalankhula Loweruka, mwina mabolodi sakanaumabe onse. Koma masiku amene ndinakhala chete ndi anayi, anapiyenso anayi, ndipo mutu wanga umakana kuzilekanitsa.

Mabolodi ofiirira aja sitinawataye. Ababa anawadula tizidutswa n'kuyala pansi pa zisa za nkhuku zathu zachikuda, m'khola la kunja kumene sikufika moto. Utitiri chaka chino kulibe. Pa zimenezo anali olondola, ndipo amakonda kuzinena.

Jeke sinabwerere m'chigafa. Tikupangabe mabolodi, a a Gideoni tinamaliza sabata yatha. Koma kandulo tinaisiya. Tsopano pa gulu lililonse timadula kachidutswa, timayikapo khala, timachotsa, n'kukhala pansi. Ababa amati tidikire nthawi yokwanira kuimba nyimbo zitatu za m'buku, ndime zonse, ngakhale kuti sitiimba. Timangokhala, awiri, tikuyang'ana kachidutswa. Kenako iwo amakayika patsaya lawo, n'kundipatsa kuti ndiyike pa langa, n'kukathyola pakati.

Tsiku lina tili chidikirire anandifunsa ngati mayeso atsopanowa ndawalemba m'kope lija. Ndinati eya, ndinalemba m'mphepete, pafupi ndi mawu a Madamu. Ndinatsegula kuti ndiwaonetse.

"Maso anga ndi a fodya, zilembo zing'onozing'ono sindiona," anatero, ngakhale kuti Baibulo lawo ndi la zilembo zazing'ono kuposa zanga. "Werenga mokweza."

Ndinawerenga. Mawu ananjenjemera pa mzere woyamba, pa wachiwiri anakhazikika. Ndinawerenga za khala, za kudikira, za tsaya, mpaka pamene ndinalemba kuti chinthu chikhoza kukana lawi koma n'kusunga moto mkati.

"Wasiya chimodzi," anatero.

"Chiti, ababa?"

"Lemba kuti woona ayenera kunena tsiku lomwelo."

Ndinalemba. Iwo anatola kachidutswa kaja, anakayika patsaya, n'kundipatsa. Kanali kozizira.